Kodi mipikisano ya magalimoto inatha kukoma madalaivala atasiya kuthamangira magalimoto awo?

Chiwongolero917
Moni nonse. Pali nkhani imene yandisowetsa tulo, ndiye ndati ndiitule pano. Dzulo usiku ndimaonera kanema wakale wa mpikisano wa Le Mans, uja wa maola 24 wa ku France. Magalimoto andanda mbali imodzi ya msewu, madalaivala aima tsidya linalo. Mbendera itangotsika, onse liwiro la mtondo wadooka kuwoloka msewu, aliyense kudumphira m'galimoto yake, kuliza injini, ulendo. Utsi, phokoso, wina chitseko sanatseke n'komwe. Ndinachita tsemwe thupi lonse.

Nditatha apo ndinatsegula mpikisano wa masiku ano. Dalaivala wamangidwa malamba ngati mwana kumbuyo, pamutu pamuzinga chitsulo, ndipo pa wayilesi akumuuza kuti sunga matayala, usaponde kwambiri, mlole mnzako adutse. Ndiye ndikufunsa: kodi masewerawa sanathe kukoma? Kale kunali amuna olimba mtima, lero kwatsala makompyuta. Amene mukuidziwa mbiri ya zimenezi ndithandizeni, mwina pali chimene sindikuchiona.

Gudumu4
Mwalasa achimwene. Za masiku ano ine sindimaliza n'komwe kuonera.

Sipanala_Wakale
A Chiwongolero, kanema mwaonayo ndi wokoma, sindikukana. Koma kuthamanga kumeneko sikunathetsedwe ndi anthu a m'maofesi ayi. Anayambitsa kukukana ndi dalaivala, ndipo anali wolimba mtima kuposa ambiri a nthawi yake.

Taganizani bwino. Munthu wathamanga, wadumphira pampando, anzake akunyamuka kale. Lamba amanga nthawi yanji? Ambiri sankamanga. Ankanyamuka choncho, n'kumayesa kumanga ndi dzanja limodzi akafika pa msewu wowongoka wa Mulsanne, pomwe magalimoto ena ankapyola makilomita 300 pa ola.

Mu 1969 Jacky Ickx wa ku Belgium anati iye zimenezi toto. Mbendera itatsika anzake onse anathamanga, iye anangoyenda pang'onopang'ono, magalimoto ena atayamba kale kunyamuka pafupi naye. Analowa mu Ford GT40 yake, anamanga malamba onse bwinobwino, ananyamuka womaliza. Kuzungulira koyamba kusanathe, John Woolfe wa ku England anachita ngozi pa kona ya Maison Blanche, anaponyedwa kunja kwa galimoto, n'kumwalira. Galimoto yake inali Porsche 917, nambala yomweyo ili pa dzina lanuyo. Mawa lake masana Ickx, amene ankasinthana chiwongolero ndi Jackie Oliver, anapambana mpikisanowo. Porsche ya Hans Herrmann anaisiya ndi mamita pafupifupi 120 okha, atayenda usana ndi usiku. Chaka chotsatira madalaivala anayamba atakhala kale m'galimoto, ndipo kuyambira 1971 mpikisano umayamba magalimoto akuyenda kale.

Ndiye pakati pa othamanga aja ndi woyenda pang'onopang'ono uja, wolimba mtima ndi uti?

Mwalawamoto
Madala, za Ickx n'zoona, koma Woolfe palibe anamukoka dzanja. Munthu wamkulu, ndalama zake, galimoto yake. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Onsewo ankadziwa chimene akulowa.

NaMabuku
A Mwalawamoto, dalaivala anasankha, inde. Nanga mwana amene bambo ake anamutenga kuti akaone magalimoto, iye anasankha chiyani?

Pa 11 June 1955, pa Le Mans pomwepo, Mike Hawthorn wa Jaguar anadutsa Austin-Healey ya Lance Macklin, kenako anaponda mabuleki kuti alowe pamalo othirira mafuta. Macklin anakhotera kumanzere pomuzemba. Kumbuyo kunkabwera Pierre Levegh pa Mercedes 300 SLR, pa liwiro loposa makilomita 200 pa ola. Galimoto yake inakwera pamsana pa ya Macklin, inauluka, n'kukamenya chimulu cha dothi chimene chinali malire pakati pa msewu ndi anthu. Injini, boneti ndi zitsulo za kutsogolo zinathothoka n'kusesa khamu la owonerera. Thupi la galimotoyo linali la chitsulo chosakaniza ndi magnesium, chimene chikayaka madzi amangochikolezera. Anthu oposa 80 anafa, Levegh nayenso.

Mpikisano sunaime. Akuluakulu ake anati anthu onse akanyamuka nthawi imodzi misewu idzadza, ma ambulansi asowa podutsa. A Mercedes anachotsa magalimoto awo pakati pa usiku, pamene ya Juan Manuel Fangio ndi Stirling Moss inali patsogolo, ndipo pakutha pa chaka anasiya mipikisano ikuluikulu kwa zaka zoposa 30. Dziko la Switzerland linaletsa mipikisano ya m'mabwalo, lamulo limene linakhala zaka makumimakumi.

Patangopita zaka ziwiri, mu Mille Miglia wa ku Italy, mpikisano wa m'misewu ya anthu wamba, tayala la Ferrari ya Alfonso de Portago linaphulika pafupi ndi mudzi wa Guidizzolo. Anafa iye, mnzake wa m'galimoto Edmund Nelson, ndi anthu 9 oima m'mbali mwa msewu, asanu mwa iwo ana. Mpikisano umenewo, umene unayamba mu 1927, unathera pomwepo.

Ine ndikamaona makanema akalewo ndimasiya kuyang'ana magalimoto. Ndimayang'ana anthu aima m'mphepete, ena atanyamula ana paphewa, pakati pawo ndi galimoto pali mtolo wa udzu wouma basi.

Mwalawamoto
Apo ndavomera achemwali. Za owonerera ndinalibe nazo maganizo. Koma za madalaivala ndikadali pomwepo.

Kachitsotso
Pepani kulowerera. Ine funso langa ndi lina. Anthu onsewa kufa, mafuta onsewa kupsa, phindu lake n'chiyani? Si masewera a anthu olemera chabe amenewa?

Sipanala_Wakale
A Kachitsotso, phindu lina mumaliponda ndi phazi tsiku lililonse.

Ndili mnyamata wophunzira ntchito, tinkatsika phiri lalitali pa galimoto yakale ya mabuleki a dilamu mawilo onse anayi, itanyamula katundu. Bwana wanga anandisiyira chiwongolero. Ine phazi pa buleki kuyambira pamwamba. Pofika pakati kunayamba kununkha ngati nsanza yopserera, pedulo ikupita pansi koma galimoto osamva. Bwana anakuwa, "Giya yachiwiri, msanga!" Injini ndi imene inatigwira. Titaima m'munsi anatsika osayankhula, analavulira pa dilamu, malovu anangoti tsss n'kuuma. Ndiye anandifotokozera kuti dilamu ili ngati mphika wovundikira, kutentha kumatsekeredwa mkati, chitsulo chimafufuma n'kutalikirana ndi zogwirira zake. Disiki ili poyera, mphepo imaiziziritsa.

Vuto lomwelo ndi limene linkawasautsa a Le Mans. Kumapeto kwa Mulsanne pali kona yothina, ndipo umafika pamenepo uli pa liwiro lako lonse, kambirimbiri, usiku wonse. Mu 1953 a Jaguar anabwera ndi C-Type ya mabuleki a disiki amene anapanga mothandizana ndi a Dunlop. Anzawo akayamba kuponda mabuleki patali, iwo ankadikira kaye. Tony Rolt ndi Duncan Hamilton anapambana. Mu 1955 Citroën DS, galimoto ya banja, inatuluka ndi ma disiki kutsogolo, ndipo lero simupeza galimoto yatsopano yopanda iwo kutsogolo.

Mercedes ya Levegh ija inali ikadali ya dilamu. N'chifukwa chake anaiikira chiphapha kumbuyo chimene dalaivala ankachidzutsa kuti mphepo ithandize kuimitsa galimoto.

Injiniya_wamawa
Bambo Sipanala, ndikuwonjezereni pang'ono mwaulemu. Mabuleki a disiki sanabadwire pa mpikisano. Frederick Lanchester wa ku England anali atalembetsa kale nzeru imeneyo mu 1902, koma zipangizo za nthawi imeneyo zinkakanika. Chimene mpikisano unachita ndi kuikakamiza nzeruyo mpaka itakhwima. Komanso tisaupatse mpikisano ulemu wa zinthu zonse. Lamba amene timamanga tonsefe, wodutsa paphewa ndi m'chiuno, anamupanga ndi Nils Bohlin wa kampani ya Volvo mu 1959, ndipo kampaniyo inalola ena onse kumugwiritsa ntchito osalipira. Pamenepo anthu wamba anatsogola, madalaivala ambiri a mpikisano anachedwa. Ena ankati bola kuponyedwa kunja kusiyana ndi kupsera mkati.

Sipanala_Wakale
Wanena zoona mwana wanga. Kukhwimitsa ndiye mawu ake.

Gudumu4
Nanga galasi loonera kumbuyo? Ndinamva kuti linachokera ku Indianapolis.

Injiniya_wamawa
Mu 1911, pa Indianapolis 500 woyamba, magalimoto ankakwera awiri, dalaivala ndi makaniko amene ankayang'ananso kumbuyo. Ray Harroun analowa yekha pa Marmon Wasp, anzake anadandaula kuti sadzaona amene akubwera, iye anamangirira galasi kutsogolo kwake. Anapambana. Ndi iye analitchukitsa.

NaMabuku
A Kachitsotso, funso lanu ndi lakale ngati galimoto yomwe. Mpikisano woyamba wodziwika, wochoka ku Paris kupita ku Rouen mu July 1894, unakonzedwa ndi nyuzipepala ya Le Petit Journal, ndipo cholinga sichinali liwiro lokha. Ankafuna galimoto yosaopsa, yosavuta kuyendetsa, yosadya ndalama zambiri. Woyamba kufika anali Jules-Albert de Dion pa galimoto yoyendera nthunzi, koma mphotho yoyamba sanamupatse chifukwa inkafuna munthu wachiwiri wosonkhezera moto. Anagawana a Peugeot ndi a Panhard et Levassor, a injini za petulo. Nthawi imeneyo anthu anali asanagwirizane kuti galimoto iziyendera chiyani, nthunzi, magetsi kapena petulo, ndipo mipikisano ndi imene inkaonetsa poyera.

Chaka chotsatira Émile Levassor anayenda kuchoka ku Paris kukafika ku Bordeaux n'kubwerera, makilomita 1,178, maola pafupifupi 49, pafupifupi ulendo wonse ali pa chiwongolero yekha. Liwiro lake linali makilomita 24 pa ola. Lero wa njinga akhoza kumutsatira, koma nthawi imeneyo kavalo sakanatha.

Ndipo imfa sinachedwe. Mpikisano wa Paris–Madrid wa 1903 unaimitsidwa ndi boma utangofika ku Bordeaux, anthu atafa m'njira, mmodzi wa iwo Marcel Renault, m'bale wake wa Louis Renault. Kuchokera pamenepo mipikisano yambiri inayamba kuchitikira pa misewu yotsekedwa, magalimoto n'kumazungulira malo amodzi. Grand Prix woyamba anachitika mu 1906 kufupi ndi Le Mans, ndipo bwalo la Brooklands ku England linatsegulidwa mu 1907. Mukaona bwino, ngozi ndi imene yakhala ikusintha maonekedwe a masewerawa kuyambira pachiyambi.

Kachitsotso
Zikomo amayi. Sindinakhutire kwenikweni pa nkhani ya olemera, koma za nthunzi ndi petulo sindinkazidziwa.

Thayalambiri
Ine ndisokoneze pang'ono. Mukutchula Jaguar, Ferrari, Porsche. Kodi galimoto imene amati sports car ndi ya Formula One si chinthu chimodzi?

Chiwongolero917
Apa ndiye ndikhoza kuthandiza ine. Ayi, n'zosiyana. Ya Formula One ndi ya mpando umodzi, matayala ali pamtunda, ilibe nyali zounikira, simungapite nayo kulikonse. Mpikisano wake wa dziko lonse unayamba mu 1950 ku Silverstone, Giuseppe Farina wa Alfa Romeo n'kukhala katswiri woyamba. Sports car ndi ya mipando iwiri, matayala ovundikiridwa, nyali zilipo. Le Mans atayamba mu 1923 cholinga chinali kuyesa magalimoto amene munthu angagule, kuona ngati injini, nyali ndi mabuleki zingapirire usana ndi usiku. A Bentley anapambana mu 1924, kenako zaka zinayi zotsatizana kuyambira 1927, ndipo imeneyo inali njira yawo yogulitsira magalimoto.

Malamulo ankanena kuti kuti ulowetse galimoto m'gulu lakutilakuti uyenera kupanga zingapo zofanana. Mu 1969 a Porsche anauzidwa kuti 917 ikhale 25. Anaimika zonse 25 mzere pabwalo la fakitale kuti oyendera aziwerenge. Lamulo la mtundu umenewu ndi limene linabala magalimoto ambiri amene anthu amawalota mpaka lero, monga Ferrari 250 GTO. Enzo Ferrari mwiniwake anayamba ndi gulu la mpikisano mu 1929, galimoto ya dzina lake inadzatuluka mu 1947, ndipo za mumsewu ankazigulitsa kuti apeze ndalama zothamangitsira.

Gudumu4
Ndipo kiyi wa Porsche amakhala mbali ya ku chitseko, osati pakati. Eni ake amati n'chifukwa cha kuthamanga kuja, kuti dzanja limodzi lilize injini linalo lili pa giya.

Fumbi_la_Safari
Mukungokamba za phula la ku Ulaya, mwaiwala kumene galimoto inkayesedwa zenizeni. Safari Rally inayamba mu 1953 pokondwerera kuvekedwa ufumu kwa Elizabeth II, ikudutsa Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Makilomita masauzande, misewu yosatsekedwa, nyengo ya mvula. Matope ofika m'mawondo, mitsinje yosefukira, fumbi lolowa m'mano. Mu 1963 anamaliza magalimoto 7 okha, mu 1968 chimodzimodzi.

Kwa zaka pafupifupi 20 akatswiri a ku Ulaya ankabwera ndi makampani awo n'kubwerera chimanjamanja, ankapambana ndi anthu okhala komweko. Mu 1965 Joginder Singh wa ku Kenya ndi m'bale wake Jaswant anapambana pa Volvo PV544 yogwiritsidwa kale ntchito, imene anaikonza okha. Joginder anadzapambananso mu 1974 ndi 1976 pa Mitsubishi Lancer. Shekhar Mehta anapambana kasanu. Wochokera kunja woyamba kupambana anali Hannu Mikkola wa ku Finland mu 1972 pa Ford Escort.

Ndipo a Kachitsotso, apa ndi pamene yankho lanu lili. Peugeot 404 ndi Datsun zinapanga mbiri ya kulimba mu mpikisano umenewu. Sizinali galimoto za m'maloto, zinali zonga zimene anthu ankagula. Makampani a ku Japan anaphunzira zambiri za masipuling'i ndi zosefera fumbi m'matope amenewo.

Sipanala_Wakale
404 ndinaigwirapo kambiri. Injini yake inapendekeka chambali, ndipo chilichonse umachifikira ndi dzanja osachotsa zinthu khumi. Galimoto yolemekeza makaniko.

Fumbi_la_Safari
Eya madala. Ndipo Safari inabwerera pa mndandanda wa mipikisano ya dziko lonse mu 2021, ngakhale ndi yaifupi poyerekeza ndi kale. Koma Formula One sinapondenso mu Africa kuchokera pa mpikisano wa pa bwalo la Kyalami ku South Africa mu 1993, ngakhale Jody Scheckter wa ku South Africa anali katswiri wa dziko lonse mu 1979. Imeneyo imandiwawa.

MtsikanaWaGiya
Ndadikira kuti wina anene koma palibe, ndiye ndinena ine. A Chiwongolero, mwati kale kunali "amuna olimba mtima". Michèle Mouton wa ku France mumamudziwa? Mu 1981 anapambana Rallye Sanremo pa Audi Quattro, pambali pake pali mkazi mnzake Fabrizia Pons akumuwerengera njira. Mu 1982 anapambana ku Portugal, ku Greece ndi ku Brazil, n'kumaliza chaka ali wachiwiri pa dziko lonse, kumbuyo kwa Walter Röhrl yekha. Maria Teresa de Filippis anathamanga mu Formula One mu 1958, m'zaka zomwezo mukuzitamazo. Chiwongolero sichifunsa kuti wagwira ndani.

Chiwongolero917
Pepani achemwali, ndinalakwitsa mawu. Mouton ndimamudziwa ndipo ndimamulemekeza.

MtsikanaWaGiya
Zikomo. Ndipo nthawi ya Mouton ikugwirizana ndi nkhani ya a NaMabuku. Magalimoto a rally a gulu lotchedwa Group B a m'ma 1980 anali ndi mphamvu zoopsa, anthu n'kumaima pakati pa msewu, kupatuka galimoto itafika. Mu 1986 ku Portugal galimoto inalowa m'khamu, anthu atatu anafa. Patangopita miyezi iwiri Henri Toivonen ndi Sergio Cresto anapsera mu Lancia yawo ku Corsica. Group B inathetsedwa pakutha pa chaka chimenecho.

Mwalawamoto
Chabwino, tabwererani ku funso la mwini nkhani. Ngozi tazimva. Koma zouza dalaivala pa wayilesi kuti mlole mnzako adutse, kapena sunga matayala, kale kunalibe zimenezo. Munthu ankangoponda moto mpaka kumapeto.

NaMabuku
Zinalipo achimwene, kunalibe wayilesi chabe, ankalemba pa bolodi. Mu 1956 ku Monza, galimoto ya Fangio itawonongeka, Peter Collins anatsika mu Ferrari yake n'kumupatsa, pomwe iyenso anali ndi mwayi wokhala katswiri chaka chimenecho. Mu 1966 a Ford, atakwiya kuti Enzo Ferrari anakana kuwagulitsa kampani mu 1963, anafika pa Le Mans ndi GT40 kudzathetsa ulamuliro wa Ferrari, imene inali itapambana zaka 6 zotsatizana. Atatsala pang'ono kumaliza, mabwana analamula kuti magalimoto awo afike limodzi kuti chithunzi chikome. Ken Miles, amene anali patsogolo, anachepetsa liwiro kudikira anzake. Chipambano chinapita kwa Bruce McLaren ndi Chris Amon. Miles anamwalira miyezi iwiri pambuyo pake akuyesa galimoto ina ya Ford ku Riverside, asanapezenso mwayi.

Za matayala ndiye n'zakale kuposa zonse. Ferenc Szisz anapambana Grand Prix wa 1906 pa Renault makamaka chifukwa cha marimu ochotseka a Michelin. Anzake ambiri akudula tayala lotha ndi mpeni kuti avale lina, iye ankamasula rimu yonse n'kuika ina yopopa kale.

Sipanala_Wakale
A Mwalawamoto, mwati za madalaivala mukadali pomwepo. Ndikuuzeni za munthu mmodzi, ndipo pali sipanala m'nkhani yake.

Mu 1966 ku Spa, ku Belgium, mvula inagwa mwadzidzidzi. Jackie Stewart anatuluka mumsewu, galimoto yake ya BRM inapindika n'kumupanikiza mkati, thanki itabooka, iye atakhala m'dziwe la petulo kwa mphindi zoposa 20. Panalibe wopulumutsa aliyense pafupi. Anamuchotsa ndi madalaivala anzake, Graham Hill ndi Bob Bondurant, amenenso anali atachita ngozi pomwepo, ndi masipanala obwereka kwa munthu wowonerera kuti amasule chiwongolero. Kanthete kamoto kakanangogwa, nkhani ikanathera pomwepo. Kuchokera tsiku limenelo Stewart ankamata sipanala m'galimoto mwake ndi tepi.

Anayamba kumenyera zotchinga m'mbali mwa msewu, madokotala pa bwalo, malamba, zipewa zophimba nkhope yonse. Ankamunena kuti ndi wamantha. Wamantha ameneyo anakhala katswiri wa dziko lonse katatu, 1969, 1971 ndi 1973, ndipo mu 1968 anapambana pa Nürburgring mu chifunga ndi mvula, dzanja lili lovulala, kusiya wachiwiri ndi mphindi zinayi. M'zaka zimenezo anaika m'manda anzake ambiri. Jim Clark anafa ku Hockenheim mu 1968. Jochen Rindt anafa ku Monza mu 1970 ndipo chikho cha chaka chimenecho analandira ndi mkazi wake wamasiye. Mu 1973 mnzake wa gulu limodzi, François Cevert, anafa ku Watkins Glen poyeserera, ndipo Stewart sanathamange mawa lake. Ukanakhala mpikisano wake wa 100 ndi womaliza.

Mukuti ankadziwa chimene akulowa. Ankadziwa, inde. N'chifukwa chake ena a iwo anakana kuti zipitirire choncho. Ife tikuonera pa foni tili pa mpando, iwo ankapita ku maliro.

Mwalawamoto
Ndamva madala. Ndilibe choyankha pa Stewart.

Injiniya_wamawa
Ndipo chitsulo cha pamutu chimene a Chiwongolero akuchida, chotchedwa halo, chinabwera mu 2018. Ayrton Senna ndi Roland Ratzenberger atafa ku Imola mu 1994 zinthu zambiri zinasintha, ndipo panapita zaka 20 popanda ngozi yopha dalaivala pa mpikisano wa Formula One, mpaka ya Jules Bianchi ku Suzuka mu 2014, amene anavulala m'mutu n'kumwalira chaka chotsatira. Halo itabwera madalaivala ambiri anaida, mmodzi wa iwo Romain Grosjean. Mu November 2020 ku Bahrain galimoto yake inaboola chotchinga chachitsulo, inaduka pawiri, inayaka. Halo ndi imene inakankha chitsulocho kuti chisamudule mutu. Anatuluka m'moto patapita masekondi pafupifupi 28, atapsa manja okha. Ali m'chipatala ananena yekha kuti popanda chitsulo chija sakanakhala moyo.

Ndinaonera pompopompo tsiku limenelo. M'nyumba monse munangoti zii mpaka pamene tinamuona akudumpha chotchinga, dokotala akumugwira mkono.

Thayalambiri
Koma musaganize kuti ngozi inatheratu. Allan Simonsen anafa pa Le Mans mu 2013, Anthoine Hubert ku Spa mu 2019.

Fumbi_la_Safari
Ndipo amene akuti za lero sizigwira mtima sanaone Le Mans wa 2016. A Toyota, atayesa zaka zambiri osapambana, anali patsogolo kutatsala mphindi zochepa kuti maola 24 akwane. Galimoto ya Kazuki Nakajima inataya mphamvu, n'kudzaima pa mzere womalizira penipeni, kutatsala kuzungulira kumodzi. Porsche inadutsa. Makaniko akuluakulu ankalira poyera. Anadzapambana mu 2018. Palibe anafa tsiku limenelo koma ine mtima unandipweteka sabata yonse.

Gudumu4
Ine changa ndi phokoso basi. Mazda 787B ya 1991, ya injini yozungulira ija, kulira kwake kunkamveka kutali. Ndi galimoto yoyamba ya ku Japan kupambana Le Mans. Johnny Herbert anatopa mpaka kukomoka, sanakwere n'komwe pa nsanja yolandirira chikho. Kenako kunabwera Audi ya dizilo mu 2006, yongodutsa ngati mphepo. Pamenepo ndiye musandiuze kuti sitinataye kanthu.

Sipanala_Wakale
Pa phokoso ndili nanu. Injini ya masilinda 12 ikamakwera, ngakhale ine ndimasiya chimene ndikugwira.

Chiwongolero917
Zikomo nonse, makamaka bambo Sipanala ndi a NaMabuku. Ndafufuza kanema wa 1969 uja ndipo ndamuonera katatu. Poyamba sindinamuone Ickx chifukwa maso amathamangira kwa othamanga. Kachiwiri ndi pamene ndamuona, akuyenda yekha pakati pa msewu, anzake atalowa kale m'magalimoto, ndipo chakumapeto akufulumira pang'ono chifukwa magalimoto ayamba kutuluka molunjika pamene iye ali. Anatsala pang'ono kugundidwa pochita zimenezo.

Phokoso ndikulisowabe, ndipo za wayilesi sindinazikonde mpaka pano. Koma mawu aja akuti kale kunali olimba mtima ndawabweza. Bambo Sipanala, GT40 imene Ickx anayendetsa ija, ndaona pena akuti ndi yomweyo inapambananso chaka cha m'mbuyo mwake. N'zoona?

Sipanala_Wakale
N'zoona. Chassis nambala 1075, ya mtundu wa buluu wowala ndi mzere wa olenji. Mu 1968 anaiyendetsa Pedro Rodríguez ndi Lucien Bianchi. Pofika 1969 inkaoneka ngati nkhalamba pakati pa ma Porsche atsopano, koma ma 917 onse anafera m'njira, iyo inafika. Lucien Bianchi ameneyo anamwalira pa Le Mans pomwepo mu March 1969 akuyesa Alfa Romeo, pafupifupi miyezi itatu Ickx asanayende pang'onopang'ono paja. Anali m'bale wa agogo ake a Jules Bianchi.